Tsiku Limene Tinasowetsa Ng'ombe za Amayi

Kwathu chinthu chakale sichitayidwa, chimasowetsedwa. Amayi ndi namwino, ndipo kwa iwo chilichonse chimene chikupumabe chingathe kuchira, kaya ndi munthu kaya ndi ketulo. Ndiye ine ndi achimwene tinapeza njira yathu kalekale. Timadikira Amayi apite kuntchito, timachotsa chakalecho, timaika chatsopano pamalo omwewo, kenako timachifunditsa kansalu koluka komwe kaja. Paja m'nyumba mwathu chilichonse chooneka chamtengo chili ndi kansalu kake koyera ka maluwamaluwa: TV, firiji, wailesi, ngakhale simbi ikazirala. Amayi akabwera amavundukula, amayang'ana, amang'ung'udza kuti chakale chija chinalibe vuto, basi nkhani yatha. Ketulo inapita choncho. Simbi inapita choncho. Sitinagwidwepo ndi mlandu waukulu.

Choncho achimwene atakwezedwa pantchito, maso awo anagwera pa makina a gemu a pabalaza.

Makinawo anali athu tili ana. Titakula tinawasiya, Amayi n'kuwatola. Munali gemu ina yaulimi imene tinatsitsa pa intaneti ine ndili ku sekondale. Ife tinaisewera pang'ono n'kutopa nayo, koma Amayi sanatope. Zaka zonse zimene ine ndinali kukoleji iwo anali kumunda. Akaweruka ankavula nsapato, kukhala pampando wawo, padi yoseweretsera gemuyo m'manja, n'kuyamba kukama ng'ombe ndi kuthirira kabichi. Munthu ukayandikira kuti uoneko, ankakutuma madzi akumwa. Makinawo anali atakalamba, akamayaka ankalira ngati ndege imene ikufuna kunyamuka koma yasintha maganizo.

Achimwene timawatcha a Zatsopano, chifukwa foni ikangotuluka ina, yawo imayamba kuwanyansa. Anati kusitolo ina amalandira makina akale ukamagula atsopano, ndipo atsopanowo amaseweranso magemu akale, pabokosi analemba. Ine, poti digiri ndili nayo koma ntchito ndilibe, ndimapezeka pakhomo nthawi zonse, ndiye anandipatsa udindo wogwira kansalu. Amayi atangotuluka m'mawa, achimwene anazula mawaya, makina m'khwapa, ulendo. Pobwera anali ndi bokosi lalikulu ndi nkhope ya munthu amene akudikira kuyamikiridwa.

Tinalumikiza. Makina atsopanowo anayaka mwaulemu, opanda phokoso. Tinalowa mu akaunti ya Amayi, ndipo gemu ija inaonekadi pamndandanda, koma yotuwa, pambali pake pali kaloko. Pansi analemba kuti singaseweredwe pa makina awa.

Achimwene anati palibe vuto, tingoitsitsanso. Tinaifufuza m'sitolo ya pa intaneti, osaipeza. Kampani imene inaipanga inatseka kalekale, gemuyo inachotsedwa pamsika. Ine ndinatenga bokosi lija n'kuwerenga timalemba tating'ono ta pansi. Sanalembe kuti magemu onse akale, analemba kuti ambiri. Achimwene anali atawerenga ndi mtima, osati ndi maso. Ndinawerenganso malamulo aja amene munthu amangovomereza osawerenga, ndipo ndinawauza kuti chimene tinagula zaka zija si gemu ayi, ndi chilolezo chosewera pa makina aja okha. Munda wonse wa Amayi, khola, ng'ombe, kabichi, zonse zinali m'mimba mwa makina amene iwo anakasiya kusitolo.

Achimwene anatenga kansalu m'manja mwanga n'kufunditsa makina atsopanowo pang'onopang'ono, ngati akufunditsa maliro. Apo ndi pamene kuseka kunandiyamba. Sikunali kuseka kwabwino, kunali kuja kumene kumakugwira pamalo osayenera, kosamva kukanizidwa.

Ngati kuti mavuto anali ochepa, panja panaima galimoto ya Azakhali, mlongo wawo wa Bambo. Azakhali sayamba nkhani ndi moni, amayamba ndi "ndamva kuti". Iwo ndi Amayi amaitanana "alamu" ndi mawu otsekemera kwambiri moti mano amakuwawa pomvetsera. Analowa, anakhala, anati amva kuti mwana wa uje wapeza ntchito kubanki, kenako n'kundiyang'ana ine.

Amayi anafika masana. Anapereka moni kwa alamu awo, anavula nsapato, anakhala pampando wawo n'kuvundukula kansalu. Anayang'ana makinawo nthawi yaitali. Sanang'ung'udze monga amachitira.

"Ng'ombe zanga zili kuti?"

Achimwene anayamba kufotokoza za zithunzi zowala ndi liwiro la makina atsopano. Amayi anawayang'ana mmene amayang'anira wodwala amene akunama kuti mankhwala anamaliza. Ine ndinanena zoona zake mwachidule. Amayi anawerama n'kuvalanso nsapato, ndipo m'moyo wanga wonse sindinaonepo Amayi akuvalanso nsapato zakuntchito atazivula kale.

Azakhali anati atiperekeza pagalimoto, nkhani ngati iyi sangaimvere kwa anthu. Tinalongedza makina atsopano m'bokosi mwake, achimwene n'kulikumbatira kumpando wakumbuyo. Tili m'njira anaulula, mawu ali pansipansi, kuti kusitoloko makina akale amawafufuta zonse zam'kati asanawagulitsenso, ndipo amachita tsiku lomwelo. Amayi anangoti, "Alamu, pondani." Azakhali anaponda. Galimoto yawo ndi yakale, hutala ndiye chiwalo chokhacho chimene chili ndi mphamvu, ndipo anachigwiritsa ntchito pa aliyense: wanjinga, wangolo, galu, ngakhale loboti yofiira. Uku akuimba hutala, uku akufunsa ngati ng'ombezo zili ndi mtengo, ngati zingagulitsidwe, ngati Bambo akudziwa kuti m'nyumba mwawo muli chuma. Ine ndinali nditaluma kansalu kaja kuti kuseka kusatuluke, misozi ili chuchuchu.

Sitoloyo inali yopapatiza, mawaya ali lendelende kudenga, fungo la waya wopsa lili ponseponse. Pakona panali mulu wa makina akuda, onse ofanana ndi athu. Ena anali atamatidwa kale kapepala kosonyeza kuti afufutidwa. Achimwene anagwira awa, n'kugwira awo, osadziwa kuti athu ndi ati. Amayi anayenda pamuluwo ngati akuyendera odwala m'wodi, akuyang'ana amodziamodzi, akupukusa mutu.

Kenako anaima n'kukweza chala kuti tikhale chete. Kuseri kwa katani kunkamveka ndege ija yosanyamuka. Pamwamba pa phokosolo, ng'ombe inalira.

Amayi anakankha katani osaodira. Patebulo lodzaza ndi masikuluu panali makina akuda, ndipo pamwamba pake panali maluwa. Zaka zonse zija dzuwa la pawindo linali litawaula pulasitiki kudzera m'mabowo a kansalu, n'kusiyapo chithunzi chake chonse, duwa ndi duwa. Kutsogolo kwa sikirini kunali amisiri eni sitolo, bambo adazi, magalasi ali pamphumi, padi m'manja, akukama.

Anachita manyazi pang'ono. Anati anayatsa makinawo kuti awafufute, koma ataona mundawo dzanja linakana. Gemu imeneyi ankaisewera kale, makina awo anapsa, ndipo chipsereni sanaionenso kulikonse. Komanso ng'ombe zinali ndi njala, ndiye anati angozipatsa udzu kaye. Kenako nkhuku. Kenako kabichi anafuna madzi. Enawo pamulu paja anafufuta ochepa chabe, tsiku lonse lathera kumunda.

Amayi anathokoza chifukwa cha udzuwo, n'kunena kuti abwera kudzatenga ziweto zawo. Amisiri anati pepani mayi, makinawa ndi asitolo tsopano, mnyamatayu anasinthitsa yekha. Amayi anati makinawo atenge, angowapatsa ng'ombe. Amisiri anaseka, anati n'zimene sizitheka, gemuyo inamangiriridwa ku makina amenewa, singasamuke, ikafa ifera momwemo. Ine ndinayala kansalu pamwamba pa makinawo, maluwa n'kugwirizana ndendende. Amisiri anavomera kuti makinawo anachokeradi kwathu, koma anati m'mawa mnyamatayu ananena yekha kuti palibe amene amawagwiritsa ntchito. Mwina wangomva kuti gemuyi ndi yosowa, ndiye wabwera ndi mayi ake ovala yunifomu kuti amuchititse mantha.

"Ngati mundawu ndi wanudi, mayi, ziwetozi zili ndi mayina. Ine nditchinga dzina, inu mutchule. Mukakhoza, tisinthanenso."

Apa ndi pamene ndinaona chachilendo chachiwiri tsiku limenelo. Amayi anazengereza. Anayang'ana Azakhali, anayang'ana ife, n'kufunsa ngati enafe tingadikire panja. Azakhali anakoka mpando n'kukhala, chikwama pamiyendo.

Amisiri anatchinga pansi pa sikirini ndi chikatoni n'kuyamba ndi mbuzi ina imene inali kunja kwa mpanda, ikudya maluwa a eni.

"Zatsopano," anatero Amayi.

Amisiri anasuzumira kuseri kwa chikatoni n'kugwedeza mutu. Achimwene anafunsa chifukwa chake ali mbuzi. Amayi anati mpanda uliwonse imadumpha, poganiza kuti udzu wabwino uli kwina. Panabwera bulu wogona pansi pa mtengo, Amayi n'kuti ameneyo ndi Bambo Akubwera, chifukwa ukamuitana amangogwedeza khutu. Panabwera atsekwe awiri olongolola, anali anzawo a kuntchito. Ine ndinali nditatsamira shelefu, mimba ikuwawa, mpaka pamene amisiri analoza nkhuku yoyera, yonenepa bwino, itakhala phee pachisa.

"Digiri," anatero Amayi, osandiyang'ana. "Imadya bwino. Sinaikirepo."

Kuseka kwanga kunathera pomwepo, koma achimwene anakulandira, anaseka mpaka kukhala pabokosi la makina awo atsopano.

Potsiriza amisiri anatsegula khola lalikulu. Munali ng'ombe yaikulu yamawangamawanga, mariboni ali mbwee pakhoma, ndipo inangoti kutiona n'kuyamba kulira osalekeza. Amayi anakonza kolala ya yunifomu. Anayang'ana kudenga. Anayang'ana ng'ombe yawo.

"Ndamva Kuti."

Azakhali anaimirira pang'onopang'ono, anavala magalasi, anayandikira sikirini mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda.

"Alamu, ndine ameneyu?"

"Ndinu, alamu."

Azakhali anafunsa kuti mariboniwo ndi a chiyani. Amisiri, amene tsopano ankaoneka kuti akufuna kuthawa m'sitolo yawo yomwe, anafotokoza kuti ng'ombeyo yapambana mipikisano yonse ya m'gemumo, mkaka wake ndi umene wamanga khola, wagula thirakitala, mwachidule munda wonse ukudya kwa iyo. Kungoti imalira kwambiri. Azakhali anakhala chete, chinthu chimene sindinadziwe kuti amatha. Kenako anafunsa chifukwa chake ng'ombe yodyetsa mudzi wonse ikugona khola limodzi ndi tina tosadziwika, ndipo ndani anaganiza zoika bulu uja pamthunzi pomwe iyo ili padzuwa. Amayi anati malo ndi ochepa. Azakhali anati achotse kabichi. Anayamba kukangana zenizeni, mitu ili pamodzi, zala zili pasikirini, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akuitanana "alamu" popanda shuga.

Amisiri anazula mawaya okha. Anatsegula makinawo n'kupemerera fumbi limene likanakwana kudzalamo kabichi weniweni, ndipo anachenjeza Amayi kuti asamawafunditse akangozimitsa, ndi chimene chikuwapha. Anati ngakhale atawasamala bwanji, tsiku lina adzazima osayakanso, ndipo palibe amene angadzaukitse mundawo. Amayi anati ntchito yawo yonse ndi yomweyo, kusamala zinthu zimene tsiku lina zidzazima, ndipo sanaonepo kuti n'chifukwa chosiyira. Amisiri anapempha ngati angamabwere nthawi zina kudzaona ziweto. Amayi anati abwere ndi chopemerera fumbi chawocho.

Achimwene anapereka bokosi lija ngati akupereka mwana. Ndi pamene tinadziwa kuti m'thumba mwawo munali kale gemu yampira ya makina atsopanowo.

Pobwerera Amayi anakhala kutsogolo, makina ali pamiyendo, atawamanga lamba pamodzi ndi iwo. Osatembenuka, anatiuza kuti za ketulo ankadziwa, za simbi ankadziwa, ndipo ankatisiya chifukwa mu ketulo simukhala munthu. Anati kuyambira lero chilichonse chofunditsidwa m'nyumba mwawo tizifunsa kaye. Azakhali anati amva kuti pali mabanja ena amene ana ake amafunsa okha osauzidwa.

Titafika, Amayi analumikiza okha mawaya, ndege inalira, munda unabwera. Sananditume madzi. Azakhali anakhala pampando wa Amayi n'kulanda padi, akuti ng'ombe yawo aidyetsa okha, anthu ena sadziwa muyezo. Amayi anangoima kumbuyo kwawo akuwauza batani loti adine. Kenako anawerama, anayang'anitsitsa pakona ya sikirini, n'kundikodola.

Nkhuku yoyera ija inali itachoka pachisa. Pachisapo panali dzira.

Amayi anati mwina amisiri aja anaipatsa chakudya china. Azakhali anati amva kuti kubanki kuja akufunanso anthu, ndipo mawa m'mawa adzanditenga pagalimoto. Ndinafunsa ngati tingapite osaimba hutala. Anati ayi.