Majisitireti Wobwerekedwa

"Abwerekedwa?" Anastazia anandikoka jekete. "A Mose, mwamva bwino? Munthu amabwerekedwa ngati wilibala?"

Ndinali nditamva bwino. Kumigodi ndinatolako Chizulu, ndiye akwathu okhala ku Diepsloot, kuno ku Joni, amanditenga kuti ndikawamasulire. Sindikana. Mapazi anga sakhazikika, ndipo nkhani za eni ndimazikonda.

Kalaliki wa khoti anati majisitireti amene anayamba kuzenga mlandu wa Onias, mwamuna wa Anastazia, awatumiza kukathandiza khoti lina ku Soweto kwa miyezi itatu. Wogwirizira mpandowo sakanaupitiriza, poti umboni woyamba sanaumve ndi makutu ake.

Onias anali m'ndende pomuganizira kuti anaba mawaya pamalo omanga nyumba. Mboni yake inali imodzi, Upile, amene anali naye paganyu kwina tsikulo. Koma Upile mapepala anali atamuthera, ndipo ankabwerera ku Mangochi mwezi ukatha.

"Basi tiwatsatire," anatero Anastazia. "Dokotala akasamuka, odwala samulondola?"

Kunena zoona, nanenso ndinaona ngati nzeru.

M'mawa mwake tinasintha mateksi atatu, Upile atajomba kuntchito. Tinawapezadi mayi majisitireti aja, magalasi ali pamphuno, akuweruza milandu ya ena. Tinakhala kumbuyo mpaka masana. Atangodzuka pampando, Anastazia anaimirira.

"Amayi! Mboni ija tabwera nayo!"

Wapolisi anatitulutsa mwaulemu. Kalaliki wa kumeneko anafufuza pakompyuta, napukusa mutu.

"Akuti bwanji?" anafunsa Anastazia.

"Akuti fayilo ili kumene tinali dzulo."

"Tikaitenge."

"Akuti siituluka."

"Nanga oweruzawo si awa ali munowa?"

"Alimo. Koma akuti kuno si athu. Adzakhala athu akadzabwerera."

Upile anaseka chiseko chopanda chimwemwe. "Eish, madala, ndiye ine ndiyankhule kwa ndani? Basi yanga ndi ya pa 30."

Funsolo ndinalimasulira kawiri, m'Chizulu ndi m'Chingerezi changa chothyokathyoka. Kalalikiyo anati tikafunse kumene kuli fayilo.

Ku Joni teksi amaiimitsa ndi zala, ndipo dera lililonse lili ndi chizindikiro chake. Titafika pamsewu, Anastazia anakweza dzanja. Teksi yoyamba inachepetsa liwiro, dalaivala akuimba hutala, maso ali pa zala zake kuti adziwe kumene tikupita. Inadutsa. Yachiwirinso inadutsa. Dzanja lija linali likadali m'mwamba, lofumbata.