Bokosi Limene Anandikhomera Che Abbas

Bambo anandiuza poyera, amayi ali pomwepo: "Chilumba cha Mbenji akangochitsegula, iwe ukukwera boti. Pokhapokha undionetse ntchito yeniyeni, osati chiphokoso chakocho."

Amene simudziwa Mbenji imvani. Chilumbachi amachitseka nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane. Asodzi akapita kumeneko amatha miyezi akukoka makoka mpaka zala kuuma ngati makaka. Kulibe mowa, kulibe akazi, magetsi ndiye osanena. Nanga ine Yesaya, munthu wa gitala, ndikatani kumeneko?

Chiphokoso ankanenacho chinabwera ndi msuweni wanga Lawson pochokera ku migodi ya ku Joni. Anzake anabwera ndi njinga ndi mabulangete, iye anabwera ndi magitala awiri amagetsi, ampulifaya ndi makaseti a nyimbo zotchedwa hevi meto. Nditazimva koyamba ndinazikonda pomwepo. Gitala ya mmenemo siilira ayi, imabangula. Anyamata a pachikuto anali ndi tsitsi lofika m'mapewa, koma ife tikanangoyerekeza, achinyamata a chipani akanatimeta mpala pamsewu. Ndiye tinati tsitsi likhale, bola mawu.

Tinapanga bandi: Lawson pa besi, mnzathu Pitala pa ng'oma, ine pa gitala. Vuto linali limodzi. Lawson, mwa nzeru zake, anasiya bokosi la masipika ku Joni ati linali lolemera. Akanasiya china chilichonse, koma ayi, anasiya pakamwa pa bandi!

Tinazunzika, abale. Tinabwereka chimkuzamawu cha pamisonkhano ya chipani, gitala inatuluka ngati mbuzi yomangidwa pakhosi, ndipo mwini wake anayambanso kutifunsa makadi a chipani. Tinayesa sipika ya wailesi ya aphunzitsi ena, inangotulutsa utsi, mpaka lero satipatsa moni. Kenako kwa Maganga, m'bala ina yomwe inatsekedwa kalekale, tinapeza masipika awiri akuluakulu. Imodzi inali yabwinobwino, inayo pepala lake lotulutsa mawu anali atadya makoswe.

Tinakawayesa kuchigayo cha ku Lifuwu, komwe kunali magetsi. Yabwinobwinoyo inaimba mofatsa ngati kwaya. Nditalumikiza yodyedwa ndi makosweyo, mayo ine! Inabangula ndendende ngati pa kaseti. Azimayi anathawa kusiya matumba a mpunga. Sindinafunse munthu, ndinatenga lezala n'kucheka pepala la inzakeyo. Lawson anagwira kumutu, koma atamva masipika awiriwo akubangulira pamodzi anavomereza.

Komabe sipika yopanda bokosi ilibe chifuwa, mawu amangomwazika. Apa ndiye tinakangana mpaka kutsala pang'ono kugwirana m'makolala. Lawson ankafuna bokosi la pulayiwudi lotsegula kumbuyo, lopepuka, lokwera panjinga. Pitala ati tingodula mgolo wa mafuta. Ine ndinati ayi: matabwa ochindikala, kumbuyo kotseka, mpweya usapeze potulukira, kuti mawu azimenya munthu m'mimba. Ndipo kunyanja kuno ndani amadziwa kulumikiza matabwa osasiya mpata? Wokhoma maboti basi.

Nthawi yomweyo mwayi unagogoda. Mayi Stella, oyang'anira hotela ina ya m'mbali mwa nyanja, analengeza kuti akufuna bandi yoimba Loweruka lililonse. Anati tikayesedwe masana a Loweruka lomaliza Mbenji asanatsegule. Imeneyo ndiye inali ntchito yokaonetsa bambo.

Ndinanyamula masipika kupita kwa Che Abbas, mkulu wokhoma maboti amene amasokanso maukonde. Ndinawapeza pansi pa mtondo, singano ya ukonde ili m'manja. Atangoona mapepala ong'ambikawo anadzidzimuka.

"Subuhanala! Wachita nkhanza zimenezi ndani?"

"Ndine, bambo. Zikhale choncho. Inu mungokhoma bokosi, masipikawa musavutike nawo."

"Eya, mwanangu, eya."

"Ndikunenetsatu, musawakhudze."

"Ndamva, ndamva. Uli ndi ulemu iwe."

Mawu omalizawo sindinawaganizire. Kwathu kuno mwana akauza wamkulu kuti musavutike, wamkulu amamva kuti mwanayo akuchita manyazi kupempha. Komanso munthu amene wakhala akusoka maukonde chibadwire, akaona chiboo manja amamuyabwa, ngakhale chikhale pa malaya a mlendo.

Kenako kunayamba kuyenda. Ndikapita, "Mawa, inshala." Ndikabwereranso, "Matabwa sanaume, inshala mkuja." Kunyumba bambo anali atandigulira kale chipewa cha dzuwa, atachipachika pamsomali pomwe ndingachione. Ndinaonda ndi mkwiyo.

Bokosi linafika tsiku loyesedwa lomwelo, pa boti, molunjika kugombe la hotela. Chilungamo ndinene, linali lokongola. Mbawa yeniyeni, m'molumikizira monse atatsekamo thonje ndi phula ngati likukayenda panyanja, kutsogolo atakhomapo chiguduli chokungika bwino. Tinalinyamula tonse atatu misana ikulira. Mpata woliyesa panalibe, chifukwa mayi Stella anali atakhala kale pakhonde lodyera, akuyang'ana wotchi. Che Abbas anakhala pa mpando chakumbali atavala mkanjo woyera, ngati bambo wa mkwati.

Pitala anawerengera ndi timitengo take. Ndinamenya nsambo ndi mphamvu zanga zonse.

Ngee, ngee.

Mawu oyera, okoma, aulemu. Ndinapotokola ampulifaya mpaka pothera. Anangokula, koma kukoma kwake komweko. Ndinayang'ana Lawson, Lawson anayang'ana bokosi, ine ndinayang'ana Che Abbas. Mkuluyo anali akumwetulira mano onse ali pamtunda.

"Wamva?" anakuwa. "Ndinamata ndi kansalu kofewa, guluu pamwamba. Walahi, chiboo ngakhale chimodzi sichinatsale. Ndi mphatso yanga imeneyo, mwanangu!"

Ndikanalira, koma mayi Stella anali ataimirira akuomba m'manja. "Izi ndiye ndimafuna ine! Anthu anandiopseza kuti anyamata inu ndi aphokoso. Alendo anga azidya chambo uku mtima ukuzizira. Tatipatseniko nyimbo ina yapang'onopang'ono, tikatero tigwirizane."

Lawson anandiyandikira n'kunong'ona: "Aise, wapulumuka Mbenji. Ingosekerera."

Ndinasekerera. Tinayamba karumba kofewa, kaja timaimba pa zinkhoswe. Woperekera zakudya wina anayamba kugwedeza m'chiuno atanyamula thireyi. Mzungu wina wokalamba anatseka maso n'kuyamba kusinza. Kusinza! Pa gitala yanga! Ndinadziona ndili pakhonde lomwelo Loweruka ndi Loweruka, imvi zikumera, ndikugonetsa anthu okhuta. Miyezi yonse ija yothamangitsidwa, aphunzitsi osatipatsa moni, kukangana ndi abale, zonse kuti ndidzakhale wailesi ya pa chakudya? Ndinayang'ana uku ndi uku.

Patebulo lapafupi panali foloko.

"Yesaya, usayerekeze," anatero Lawson, zala zikadali pa besi.

Ndinakoka chiguduli chija n'kung'amba. Zigamba za Che Abbas zinali pamenepo, zosalala, zomatidwa mwachikondi. Ndinabaya sipika yoyamba n'kukokera pansi, ndinabaya yachiwiri, kenako ndinamenya nsambo.

Abale inu! Mawu amenewo sindinawamvepo ngakhale pa kaseti. Bokosi lotseka lija linawagwira n'kuwalavula onse kutsogolo. Mbale zinavina pamatebulo, mzungu uja anadzuka n'kugwetsa mpando, agalu a kumudzi anayankha. Pitala, Mulungu amudalitse, anaiwala zonse n'kulowa ndi ng'oma. Ndinamva mawu aja akundimenya m'mimba monga ndinkafunira, ndipo ndinakondwa, ndinakondwa zedi.

Mayi Stella anazula waya kukhoma. Kunangoti zii.

"Tengani katundu wanu," anatero. "Ndipo folokoyo mubweze."

Lawson anamasula ampulifaya yake osandiyang'ana. Sabata yomweyo anakalowa bandi ya rumba ku boma. Che Abbas anangoima pafupi ndi bokosi, akusisita mapepala ong'ambikawo ndi chala. Bambo atamva sanakalipe n'komwe. Anangochotsa chipewa pamsomali n'kundipatsa.

M'mawa wonyamuka, gombe linali yakaliyakali, asodzi akukweza maukonde, nkhuni ndi ufa. Ine ndinakhala m'boti pamwamba pa thumba la mchere, osafuna kuyankhula ndi munthu. Injini italira, ndinaona Che Abbas akuthamanga mumchenga atakwinya mkanjo, mpaka kulowa m'madzi ofika m'maondo. Ndinaganiza kuti abwera kudzandidzudzula, ndipo ndinakonzeka kupepesa.

Anagwira m'mphepete mwa boti akupuma mwawefuwefu. "Mwanangu, upite ndi mtima umodzi. Ndikudziwa, linali dzuwa lija linakuzunguza mutu. Bokosi lako lili kwanga. Masipika aja ndamatanso, ulendo uno ndi nsalu ya tanga la boti, yokhuthala. Kutsogolo ndakhomako sefa yachitsulo, foloko singalowenso. Ukabwera, inshala, udzalipeza lili bwinobwino."

Anatikankhira boti ndi manja ake, natsala akutibayibitsa.