Pepala la a Masautso

Amuna anga a Yoswa analowa ku opaleshoni akuyenda okha, akuseka. Linali phudzi chabe. Anatuluka atawafunditsa nsalu mpaka kumutu.

Amene anawagonetsa ndi mankhwala tsikulo anali a Masautso. Ntchito yawo n'kukhala kumutu kwa wodwala, kuyeza mtima, n'kumalemba pa pepala mphindi zisanu zilizonse. Koma ine, ndili pa benchi panja, ndinawaona ndi maso angawa ali pa geti akunenerera matemba.

Pachipatala paja mafayilo amatuma ife odikirira odwala. Nesi anandipatsira fayilo ya a Yoswa n'kuti, “Mayi, kasiyeni ku mochale.” Ndinalekera Sitandade 5, koma nthawi ndimaidziwa. Pepala la adokotala linati a Yoswa anamwalira 10:20. La a Masautso linati mtima ukugunda bwinobwino 10:30, 10:45, mpaka 11 koloko. Analemberatu zonse asanapite kumatemba kuja. Maliro n'kumagunda mtima!

Ndinathothola mapepala onse awiri, n'kuwapinda, n'kuwamangirira kumsonga kwa chitenje.

Titaika maliro, a Masautso anatulukira kwathu kwa Malemia pa njinga yamoto, shuga mapaketi awiri ali m'manja.

“Pepani mayi, zonse ndi Mulungu.”

“Mulungu amagula matemba?”

Anayang'ana pansi. “Pali kapepala kanasowa m'fayilo. N'kaboma, inu sikangakuthandizeni. Ntchito ikandithera, ana anga asanu adya chiyani?”

“Anga ndi asanu ndi mmodzi, achimwene. Dikirani.”

Ndinalowa m'nyumba n'kutuluka ndi pepala. Analikwatula ngati khwangwala, kenaka nkhope inagwa. Linali la fotokope. Dzulo lake ndinali nditakwera minibasi pa Songani kupita ku Zomba, kumene anandijambulira khumi ndi awiri.

“Limenelo mukawerengere akazi anu,” ndinatero. “Lina lili kwa abusa anu. Lina kwa akulu a chipatala. Enieniwo ali kwa loya, ndipo akuti mukafotokozere khoti mmene munamvera mtima wa munthu wakufa.”

“Mayi, ndagwira mwendo wanu.”

“Siyani mwendo wanga. Mukanagwira dzanja la a Yoswa.”

Anagwada pafumbi, bambo wa tayi, anthu opita kudimba ataima n'kumaonerera. Sindinawadzutse. Ndinaitana ana anga onse kuti afole pakhonde, amuonetsetse nkhope, asadzamuiwale. Mlandu uli pa 14 mwezi wamawa. Ndikakhala kutsogolo.