Pasipoti ya Chidindo

Jekete lotuwa lija panalibe.

Chidindo anaima pakati pa chipinda chosokeramo n'kuyambanso kuona zovala zopachika pa chitsulo, chimodzichimodzi: madiresi atatu a operekeza mkwatibwi, yunifolomu ya namwino, mathalauza opanda mipendero, chikhoti cha mvula. Kumapeto, pomwe jekete linkakhala, panatsala hang'ala yokha. M'thumba lam'kati la jekete limenelo ndi momwe munali pasipoti yake.

Unali mwezi wachisanu ndi chiwiri ali pa ulendo. Atapuma ntchito ku positi ofesi, komwe anadinda makalata zaka makumi awiri ndi zisanu mpaka dzina la Chidindo kumukanirira, anagulitsa kabati ndi bedi, n'kuuza ana ake kuti akufuna akaone komwe makalata aja ankapita. Ulendowo unamuphunzitsa zake. Pasipoti sayenda nayo m'tauni, opisa m'matumba ndi ambiri. Saisiyanso m'chikwama, chifukwa wakuba akalowa amayambira pomwepo. Amaibisa m'chinthu cha eni nyumba chomwe palibe angachiganizire: pansi pa kapeti, kuseri kwa kalendala, m'chitini cha sopo. Anachita zimenezi m'nyumba zogona alendo zambirimbiri, mpaka manja anafika pochita okha mutu usanawatume.

Koma muno simunali mogona alendo. Munali mwa Singano, mnzake wa ku pulayimale, telala wowonda ndi wa pakamwa pobaya. Singano ankakhala ndi mwamuna wake m'zipinda ziwiri, pa nsanjika yachinayi, pamwamba pa sitolo ya misomali ndi penti. Tsiku lomwe Chidindo anafika, Singano anakankhira nsalu pakona, namuyalira matiresi pakati pa makina ndi zenera, namupatsa kiyi wake. Ntchito anaiimika kaye kuti amuonetse mzinda.

Chilolezo cha Chidindo chokhalira m'dzikomo chinali cha masiku asanu okha, ndipo chinkatha mawa. Sitima yowoloka malire inalinso ya mawa m'mawa.

"Iwe Chidindo, tiyi akuzizira," anatero Singano ali kukhitchini. "Lero ndi tsiku la nsanja ya wotchi. Masitepe mazana awiri, tione ngati miyendo yoyendayendayo ndi yoona."

Pa chitseko cha firiji panali pepala la malo oti aone. Mlatho wautali, wochonga. Nyumba yosungiramo zinthu zakale, yochonga. Msika wa maluwa, wochonga. Kunatsala nsanja ndi paki ya nyama.

Mwamuna wa Singano, dalaivala wa lole, ankapaka majarini pa buledi ataimirira.

"Alamu, mwagona bwanji? Nkhopeyo ngati mwameza batani."

"Ndagona bwino, alamu." Chidindo anatakasa tiyi wopanda shuga. "Jekete lotuwa lija, la kumapeto lija, sindikuliona."

"La fumbi lija?" anatero Singano. "Ukufuna ugulire ndani? Uli ndi mwamuna wobisa m'chikwamamo?"

"Ndinapereka dzulo muli ku mlatho," anatero mlamu. "Mwini wake watisiya. Mkazi wake anatuma mchimwene wake kudzatenga, akuti ndi lomwe akufuna bamboyo akagone nalo."

Singano anapukusa mutu. "Zaka ziwiri chilibweretsere kuti ndilichepetse. Ndikachepetsa, abwera ataonda kuposa pamenepo. Ndinatopa ine. Akuika liti?"

"Lero, thuu koloko. Achokera kwa okonza maliro aja a kuseri kwa njanji."

Tiyi anamupsereza Chidindo pakhosi koma sanamve. Mawu anali atafika pamilomo. Anayang'ana mlamu wake, munthu yemwe masiku anayi onsewa ankapita kubafa monyang'ama kuti asamudzutse, n'kuwameza mawuwo. Anadziuza kuti anena mlamu akatuluka. Mlamu atatuluka, anati anena akatsika masitepe. Atatsika, basi inali itafika kale, ndipo Singano anali akukangana ndi kondakitala za mpando wa pazenera.

Anakwera nsanja ija ali m'mbuyo mwa gulu la alendo ovala zipewa zofanana. Masitepe anali ozungulira, opapatiza, onunkha chinyontho. Chidindo ankawerenga sitepe iliyonse, koma m'maso mwake munali dothi lokha, likugwera pa bokosi. Ankadziwa zomwe zimachitika paboda munthu wopanda mapepala akapitirira masiku. Anaonapo mayi wina atakhazikidwa pa benchi ya chitsulo, nsapato atamulanda zingwe.

Pamwamba panali mphepo. Mzinda wonse unali pansi pawo, madenga, utsi, magalimoto ngati nyerere.

"Taona," anatero Singano, akuloza. "Uko ndi kwathu, denga lobiriwiralo. Uwo ndi mlatho wa dzulo. Mitengo yambiri ukoyo ndi kumanda, komwe kukupita jekete langa lija."

Belu la wotchi linayamba kulira pamwamba pa mitu yawo. Chidindo anadikira kuti lithe. Linalira kakhumi ndi kamodzi.

"Pasipoti yanga ili m'jekete muja."

Singano anatembenuka pang'onopang'ono. "Inagweramo bwanji?"

"Sinagweremo. Ndinaikamo."

"Unaikamo."

"Tsiku lomwe ndinafika. Ndimatero kulikonse. Ndinaona fumbi pamapewa, ndinati ili lilibe mwini."

Alendo a zipewa aja ankajambulana pafupi, akuseka. Singano anayang'ana mnzake kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga amachitira ndi kasitomala wonama za saizi ya chiuno chake.

"M'nyumba muja timakhalamo awiri, ine ndi mlamu wako. Unkabisa kwa uti?"

"Ndi chizolowezi chabe, mnzanga."

"Ndafunsa kuti kwa uti."

 Singano anakoleka chikwama chake paphewa. "Tsika. Ndipo usagwe, ndilibe nthawi ya maliro awiri."

Basi yopita kuseri kwa njanji inadutsa misewu yomwe pa pepala la pa firiji panalibe. Anadutsa owotcherera zitsulo, omata matayala, mulu wa mafiriji akufa, mkazi akumeta mwamuna pansi pa ambulera. Pa mphambano ina lole ya simenti inali itafa pakati pa msewu, anthu akuikankha mopanda chikhulupiriro. Anakhala pamenepo mphindi makumi anayi. Chidindo ankangoyang'ana wotchi ya pa dzanja la munthu woyandikana naye mpaka munthuyo anabisa dzanjalo m'thumba. Atangodutsa pamenepo, chotchinga cha njanji chinatsika, sitima ya katundu n'kuyamba kudutsa, mabogi osatha.

"Tikafika, iwe pakamwa tseke," anatero Singano osamuyang'ana. Anatulutsa kachitini ka singano ndi ulusi komwe sankayenda osakatenga. "Ndikanena kuti ndinaiwala kuchotsa ulusi wogwirizira m'kati. Telala saletsedwa kugwira chovala chake."

"Zikomo."

"Usandithokoze. Ndikuchitira kuti unyamuke mawa."

Anafika wani koloko itadutsa. Chipinda cha okonza maliro chinali ndi mabenchi asanu ndi limodzi, maluwa a pulasitiki ndi fani yomwe inkazungulira ikudandaula. Anthu anali atadzaza. Bokosi linali kutsogolo, lotsegula, chivundikiro chake chitatsamira khoma. Singano ananong'oneza bambo wovala magolovesi oyera, bamboyo n'kugwedeza mutu. Chidindo anatsalira pakhomo, akuona mnzake akuwerama pa malemuyo, akukonza kolala, kenako dzanja n'kulowa m'kati mwa jekete. Linakhalamo. Linasamukira mbali inayo. Linatuluka lopanda kanthu.



"Mukufuna ichi?"

Anali mkazi wa malemuyo, mayi wa pa benchi yoyamba, wamfupi, wonenepa, wovala zakuda, maso ouma gwa. M'dzanja lake munali kabuku kaja, pasipoti ya Chidindo. Sankayang'ana Singano. Ankayang'ana pakhomo.

"Lowani, mayi, musaime ngati wosaitanidwa. Ndimadziwa kuti mubwera. Pachithunzi mukuoneka wamng'ono."

Mitu yonse inatembenuka. Chidindo anayenda pakati pa mabenchi, nsapato zake zikulira pa simenti. Amayi awiri okhala mbali ndi mbali ya namfedwayo anasendeza zikwama zawo, wina n'kuvula magalasi.

"Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndakhala ndikupisa m'matumba mwa bambo awa ndisanachape," anatero namfedwa, mawu ake ali bata. "Sindinapezemo kanthu. Mabatani, timapepala ta basi, basi. Anzanga ankati ndine wamwayi. Dzulo ndati ndipisemo komaliza. Ndiye tandiuzani, anakulonjezani kuti mupita kuti?"

Chidindo anayang'ana Singano. Singano ankalowetsa ulusi pa singano, mosamala kwambiri, ngati m'chipindamo ali yekha.

"Mayi, pepani ndi zovutazi," anatero Chidindo. Mawu anatuluka owonda. "Amuna anu sindinawaonepo ali moyo. Lero ndi koyamba kuwaona. Ine ndine mlendo wa atelalawa, ndimagona m'chipinda chomwe amapachikamo zovala. Pasipotiyo ndinaibisa m'jeketemo ndine."

"Kubisa kwa ndani?"



"Kwa eni nyumba amene andisunga."

"Amaba?"

"Ayi. Uyu sanandibepo ngakhale chofufutira ku sukulu. Ine ndi amene ndinkamubera."

Kumbuyo wina anatsokomola kuti abise kuseka. Namfedwa sanaseke.

"Aliyense angathe kunena zimenezo."

"Tsegulani tsamba lomaliza lodindidwa," anatero Chidindo. Apa ndiye mawu anabwerera, chifukwa zidindo anazidziwa moyo wake wonse. "Cha inki yofiirayo, cha makona anayi. Ndi cha paboda. Tsiku lili pakatipo ndi lomwe ndinalowa m'dziko muno. Cha pamwamba pake ndi cha dziko lomwe ndinachokera, tsiku lomwelo. Bwererani m'mbuyo masamba onse, simupeza china cha kuno."

Namfedwa anatambasula dzanja, mayi wa magalasi uja n'kumubwereka magalasiwo. Anawerenga tsikulo milomo ikugwedera. Anatembenuza masamba m'mbuyo, limodzilimodzi, mpaka pa chithunzi. Kenako anabwereranso pa chidindo chofiira.

"Tsiku limeneli bambo awa anali atasiya kale kuyankhula," anatero. "Miyezi iwiri ali m'chipatala."

Anatseka kabuku kali pamwendo.

"Kuyambira dzulo sindinagwetse msozi. Anthu akuti ndalimba mtima. Ndakhala ndikumutukwana chamumtima munthu wosalakwa, ali gone apo." Anakweza maso. "Mwandibera tsiku lonse lolira mwamuna wanga, mayi. Limenelo simungabweze."

Sanamupatse m'manja. Anaika pasipotiyo pa benchi n'kuimirira, napita pa bokosi. Anasalaza jekete pachifuwa pomwe dzanja la Singano linakwinya. Kenako analira, kulira kwa munthu wochedwa, ndipo chipinda chonse chinamutsatira.

Chidindo anatola kabuku kake. Kanali kofunda.

Pobwerera anakweranso basi. Basi inadutsa pa geti la paki ya nyama, pomwe panali chithunzi chachikulu cha kadyamsonga, koma palibe analoza. Chidindo anagwira pasipoti ndi manja awiri njira yonse, poyera, m'tauni ya opisa m'matumba.

Atakwera masitepe a kunyumba, Singano analowa m'chipinda chosokeramo, nakankha matiresi ndi phazi, n'kukhala pa makina.

"Vula siketiyo."

"Bwanji?"

"Vula, ndaona zambiri kuposa zako."

Chidindo anavula n'kukhala pa matiresi atafunda thaulo. Singano anatembenuza siketiyo, nadula kansalu kolimba kotsala ku yunifolomu ya namwino, nayeza ndi pasipoti, n'kuyamba kusokerera thumba m'kati mwa chiuno. Anaika ndi kazipi. Makina ankalira, kuima, kuliranso. Pansi, m'sitolo ya misomali, wina ankakoka chitseko cha chitsulo.

"Alamu uwauza?" anafunsa Chidindo.

"Ndiwauza kuti nsanja inali yokongola." Singano anadula ulusi ndi mano. "Munthu uja anakugulira nsomba ya m'chitini ya pa ulendo. Musiye akhale ndi mlamu wake wabwino."

Anamuponyera siketi. Pasipoti inalowa m'thumbamo ndendende, osasuntha.

"Komwe ukupitako uzibisa pa thupi lako. Zovala za anthu zili ndi eni ake, ngakhale za fumbi."

"Pobwerera ndidzadutsa konkuno," anatero Chidindo, akumanga siketi. "Mwina mwezi wa chisanu. Paki ya nyama ija sitinaione."

Singano anakoka diresi loyamba la operekeza mkwatibwi, lomwe linadikira masiku anayi, naliyala pansi pa singano ya makina.

"Kiyi wanga usiye patebulo," anatero, n'kuponda makina.