Tsiku Limene Chibwibwi Chinabisala

Helder analandidwa makiyi a thiraki chifukwa cha foni imodzi. Anali ataima ku Zobue, kutsidya kwa malire, tayala litaphulika, ndipo anaimbira bwana watsopano wa kampani yawo, a Stafford, kuti atumize lina. Dzina loti Zobue linakana kutuluka. Kunangomveka kulira ngati kwa mavu, kenako zii, kenako kupuma kwa munthu amene akulimbana ndi katundu wolemera. A Stafford anadula foni. Atafika ku Mwanza mawa lake, Helder anapeza dalaivala wina akumudikira pageti.

"Munthu woledzera sindimupatsa galimoto," anatero a Stafford, alonda ndi amakaniko akumva.

Helder anayesa kufotokoza, koma chifukwa cha ukali mawu anamukanirira kuposa dzulo lake. Anangotulutsa foni n'kulemba kuti samwa mowa, ali ndi chibwibwi. A Stafford anawerenga n'kuseka.

"Chibwibwi chake chayamba dzulo? Masiku onsewa umandiyankha bwinobwino. Ngati ndi matenda, achipatala andiuze okha. Apo ayi, usabwerenso."

Zoona zake n'zakuti Helder anali katswiri wobisa. Makolo ake anathawa nkhondo ku Tete, iye anakulira ku Mwanza konkuno, ndipo kuyambira ku pulayimale, kumene aphunzitsi ankamuimika kutsogolo kuti awerenge anzake akugwa ndi phwete, anaphunzira kuzemba. Akaona mawu ovuta akubwera ankakhota ngati mmene amazembera maenje pamsewu. Mawu oti "bwana" ankawasintha kukhala "akulu". Chichewa chikakana ankalowa Chipwitikizi. Zinthu zikavutitsitsa ankangogwedeza mutu. Pa boda anzake ankangomudziwa ngati munthu wosakonda zoyankhula. Bwana wakale yekha ndiye ankadziwa, koma anachoka osauza aliyense. Zaka zonsezi Helder sanagundepo ngakhale mbuzi, koma ntchito yake inali ikutha chifukwa dzina la malo silisinthika.

Ku chipatala anamuuza kuti katswiri wa za kayankhulidwe amabwera apo ndi apo kuchokera ku Blantyre, ndipo abwera Lachinayi. Mkazi wake, Gisela, tsikulo sanapite kukayala zitenje zake kumsika. Kuchipatala munthu sapita yekha. Amapita ndi gadiyani, ndipo gadiyaniyo ndi amene amafotokoza matenda, wodwala ali phee pabenchi.

Chinanso, dalaivala aliyense amadziwa kuti kwa dokotala umapita kukakhoza. Maso aone zilembo zonse, magazi athamange bwino, akudindire, ubwerere ku ntchito. Helder ndi Gisela sanaganize kuti ulendo uno ungakhale wosiyana.

"Bambo a Vania," anatero Gisela akumukonza kolala panjira, "mukakangoyamba zanu zija, akalemba kuti simungayendetse galimoto. Muziyankha mwachidule. Zazitalizo mundisiyire ine."

Anawalowetsa m'chipinda cha mafizo, cholimbitsira ziwalo, momwe munali ndodo zoyendera ndi njinga za olumala zitatsamira khoma. Katswiriyo anali mayi wachitsikana, wovala nsapato zafumbi. Anati dzina lake ndi Thandie, anawapatsa mipando, n'kupempha chilolezo choti ajambule mawu pafoni yake. Helder anagwedeza mutu, Gisela n'kufotokoza za foni ya ku Zobue ndi zimene abwana akufuna.

"Abambo, vutoli linayamba liti?"

"Ali mwana," anayankha Gisela. "Koma si vuto kwenikweni, adokotala."

"Kubanja kwanu alipo wina amene amatero?"

"Amalume awo, a Orlando. Koma aja ndiye zenizeni, mpaka kuponda pansi. Awa ndi pang'ono chabe."

"Munagwapo n'kumenyetsa mutu? Kapena kufa ziwalo?"

"Sanadwalepo awa. Ngakhale chimfine chimawaopa."

A Thandie anayang'ana Gisela, kenako Helder. Anamuuza Helder kuti atulutse lilime, alipititse uku ndi uku, afufumitse masaya. Anamunong'oneza kumbuyo kwa khutu lililonse kuti aone ngati akumva. Kenako anati awafotokozere msewu wochokera ku Mwanza kukafika ku Beira, ngati akuuza munthu amene sanapiteko.

Apa Helder anadziwa kuti mayeso afika, ndipo anakhoza. Anayankhula pang'onopang'ono, mawu ali pansi, chala chachikulu chikugunda bondo kunsi kwa tebulo kuti chimupatse mayendedwe. Zobue anaitchula kuti "kutsidya". Beira anati "kudoko". Anadutsa mlatho wa ku Tete, anakwera mapiri, anafika kunyanja osapunthwa ngakhale kamodzi. Atamupatsa nyuzipepala kuti awerenge ndime imodzi, anawerenganso mosalala, akusintha mawu apa ndi apo mwakachetechete. Gisela anakhala tsonga ngati mayi amene mwana wake akulandira mphoto.

A Thandie anazimitsa chojambulira.

"A Helder, aliyense amene angamvetsere zimene ndajambulazi anena kuti mulibe chibwibwi."

"Ambuye alemekezeke!" Gisela anaomba m'manja.

"Mayi, paja mwati abwana awo akufuna ndiwauze chiyani?" anafunsa a Thandie.

Gisela anatsitsa manja. Helder anamva thukuta likutsika pamsana. Ngati alibe chibwibwi, ndiye chimene a Stafford anamva pafoni chija chinali chiyani? Mowa. Anali atadzikonzera yekha umboni womuchotsera ntchito, atavala malaya ake abwino.

"Ine sindikuyeza ngati mungayendetse galimoto," anatero a Thandie. "Chiwongolero sichigwiridwa ndi pakamwa. Ndaona chala chanucho. Ndaona kuti munyuzipepala mwalembedwa 'bambo', inu mwawerenga kuti 'mkulu'. Msewu wonse wa ku Beira mwaufotokoza osatchula Beira. Mumtima mwanga ndikudziwa chimene chilipo. Koma sindingalembe chimene sindinamve ndi makutu anga."

"Epa!" Gisela anaimirira. "Ndiye mukufuna mwamuna wanga achite manyazi pamaso panu kuti musangalale?"

"Khalani pansi, mayi. Mafunso onse amene ndafunsa iwowa mwayankha ndinu."

"Nanga gadiyani ntchito yake n'chiyani?"

"Akanakhala malungo, bwenzi ndikukuthokozani. Lero chimene ndikuyeza ndi pakamwa pawo, ndiye inu mwakhala pakhomo pake."

"Ndakhala nawo zaka zonsezi awa. Kutchalitchi ndimawayankhira, kusukulu kwa Vania ndimawayankhira. Lero ndiye ndalakwa?"

"Simunalakwe kuwakonda. Koma ku Zobue kunalibe inu."

Gisela anakhala pansi mwamphamvu, mpando n'kulira.

Helder anali atakwiya, koma osadziwa wokwiyira. Moyo wake wonse anthu ankamuuza chinthu chimodzi: yankhula bwino. Aphunzitsi anamukwapula, mayi ake anamupititsa kukadulitsa kamtsempha ka kunsi kwa lilime, makasitomala pa boda ankamumalizira mawu ngati akuthandiza mwana kudumpha ngalande. Anamvera onsewo. Lero, tsiku lokhalo limene ankachifuna chibwibwi chakecho, chinali chitabisala mmene anachiphunzitsira yekha.

"Chimakuvutani kwambiri pati?" anafunsa a Thandie. "Muyankhe nokha."

"Pafoni," anatero Helder.

"Ndiye tiimbe foni. Mutha kuimbira mnzanu, kapena m'bale wanu. Koma malamulo ndi awa: chala chikhale patebulo, ndipo mawu amene abwera m'mutu ndi omwewo, osasintha. Mayi, inu mungomvetsera."

Helder anatulutsa foni yake. Anadutsa mayina a anzake, anadutsa la amalume ake, n'kuima pa la a Stafford. Gisela ataona dzinalo anamugwira mkono.

"Bambo a Vania, ameneyo ayi."

Helder anachotsa dzanjalo mofatsa, anadina, n'kuika foniyo patebulo kuti onse azimva. A Thandie anayatsa chojambulira.

"Halo. Ndani?"

Munthu sangasinthe dzina lake. Helder anakoka mpweya, ndipo mpweyawo unaima. Chibwano chinayamba kunjenjemera, maso anatsinzina okha, mtsempha wa pakhosi unatupa. Chala chinkafuna kuthawira kubondo, iye anachipanikiza patebulo ndi dzanja linalo. "He... He-he-he..."

Gisela anali atatsegula kale pakamwa. Dzinalo linali pamilomo pake, lokonzeka, ngati masiku onse. Anatenga nsonga ya chitenje chake n'kuiluma.

"Helder?" anatero a Stafford. "Mmawa uno wayamba kale?"

"Mu-mu-musadule."

"Ndili pa ntchito ine, iwe."

"Ndili ku chi... chipatala. Ichi ndi chimene mu-munamva tsiku lija. Ku..." Linabweranso, liwu la mavu lija. Linatenga nthawi moti munthu wa ndodo amene ankadutsa pakhonde anasuzumira pazenera. A Thandie sanayang'ane kumbali, sanagwedeze mutu momulimbikitsa, anangomuyang'ana m'maso n'kudikira. "Zzzz... Zobue."

Mawuwo atatuluka Helder anatsamira mpando, malaya atanyowa. Apo m'pamene a Thandie anaweramira pafoni. Ananena dzina lawo ndi ntchito yawo, n'kuti munthuyu akhala naye m'chipinda chimodzi mmawa wonse, sanalawe kanthu, ndipo chimene bwanayo wamva ndi chibwibwi chimene anakula nacho. Anati woledzera amatafuna mawu onse mofanana, pamene wachibwibwi amadziwa bwinobwino chimene akufuna kunena koma chimamukanirira pakhomo. Anati zimenezi azilemba n'kusainira, ndipo sizikhudzana ndi kuyendetsa galimoto.

Kufoni kuja kunamveka kukhosomola.

"Nanga iyeyo osanena bwanji?"

A Thandie anakankhira foni kwa Helder.

"Ndi-ndinanena, b-b-bwana. Munaseka."

"Chabwino, chabwino. Zatha. Abwere Lolemba. Koma madamu, mumuuze kuti zoimba foni asiye. Azingolemba mameseji. Ine ndilibe nthawi yomadikira munthu mawu amodzi mpaka dzuwa kulowa."

Gisela anagwedeza mutu mwamphamvu, maso akumuchonderera mwamuna wake kuti avomere, atseke foni, azipita. Ntchito inali itabwerera. Kunyumba kunali Vania ndi mng'ono wake, ndipo zitenje zokha sizikanawadyetsa. Helder ankadziwa zonsezo. Ankadziwanso kuti tayala likaphulika pakati pa tchire, meseji imatha kugona osawerengedwa, ndipo madalaivala ena onse amaimba. Akavomera lero, tsiku lina adzaimbabe, bwana wina adzadula foni, ndipo adzabweranso m'chipinda chino atavala malaya omwewa.

"Ayi," anatero.

"Wati chiyani?"

"Ndi-ndiziimba ngati anzanga. Inu mu... mu... muzidikira."

Gisela anaphimba nkhope ndi manja. Kufoni kunkangomveka injini ya thiraki ikulira patali, ndi munthu wina akukuwa kuti geti litsegulidwe. Helder anayang'ana foniyo, akuyembekezera kaphokoso kodula kaja.

"Makiyi ali kwa mlonda," anatero a Stafford. "Lolemba uli ndi katundu wa ku Beira. Usachedwe."

Anadula. Sanapepese. Anali atamunyoza pamaso pa alonda ndi amakaniko, koma nkhaniyo anaithetsera pafoni, pomwe panalibe mmodzi wa iwo. Helder anaziona zimenezo ndipo anazisunga.

"Ntchito ikanakutherani inu," anatero Gisela. "Chifukwa cha mtima wanuwo. Mwatengera amalume anu."

"Mayi a Vania, chi-chitenje mwang'amba."

Gisela anayang'ana nsonga imene analuma ija, yonyowa, mano atasiya zizindikiro.

"Ichi n'chogulitsa," anatero. "Ndinangobwereka pamulu. Mulipira ndinu."

A Thandie anaseka pang'ono, n'kukoka mpando wawo kufupi ndi tebulo. Anati chibwibwi cha munthu wamkulu sichichoka ngati malungo, ndipo sangamunamize kuti achichotsa. Chimene angathandizane n'chakuti akakanirira asamalimbane mpaka kutha mpweya, ndiponso kuti asiye kutopa ndi kuzemba. Koma kuti adziwe poyambira, anafunika kumumva bwinobwino, chifukwa zonse zimene anajambula poyamba zija zinali za munthu wina.

"Tiyambirenso," anatero, akuyatsa chojambulira. "Abambo, dzina lanu ndani?"

Gisela anatembenuzira mpando wake kuzenera, n'kuyamba kuyang'ana anthu amene anali pamzere panja. Helder anaika manja onse patebulo, anakoka mpweya, n'kuyamba.