Gemu ya Mpunga Yopanda Wopambana

Gemu yanga yoyamba inalibe vuto lililonse. Ndinauza AI pa laputopu ya sukulu kuti indipangire masewera ophunzitsira ana a Fomu 3 za mitengo ya pamsika, ndipo tiyi wanga asanazizire inali itamaliza. Mwana amakhala mlimi wa mpunga. Akakolola amasankha kugulitsa pompo mpunga uli mbwee, kapena kusunga mpaka usowe, mtengo ukwere. Wosunga amapambana, basi.

Ndinali pa maphunziro oyeserera uphunzitsi pa sekondale ina yoyendera ku Domasi. A Makaiko, lekichala wanga, ankabwera kudzandiona ndikuphunzitsa, ndipo malikisi awo ndiwo akananena ngati ndimaliza kapena ndibwereza chaka.

Koma ana a ku Domasi! Mtsikana wina wa pakamwa, Takondwa, atangopambana anakwinya nkhope n'kunena kuti gemuyo ndi yabodza. Ndani amasunga mpunga mwana atabwezedwa fizi? Anzake anamuthandiza: nanga mbalame zili kuti, nanga mtsinje ukasefukira, nanga sikelo ya mavenda ija? Zinandipsetsa mtima, komabe sindinafune kuti adzandichititse manyazi pamaso pa alendo. Chilichonse chomwe ananena ndinkauza AI, iyo n'kumangowonjezera mosanyinyirika. Maliro analowa, anankafumbwe analowa, ngakhale njinga yophulika tayala pa njira ya ku Naisi inalowa. Ana anayamba kuikonda, ine n'kusiya kuimvetsa.

Tsiku la a Makaiko magulu onse anasewera, ndipo onse anagwa. Wogulitsa msanga anagwa, wosunga anagwa, wogawa pakati anagwanso. Anawo ankangoseka ndi kuwomba m'manja, ati tsopano ikunena zoona. Ine ndinaima choko chili m'manja, osadziwa choti ndilembe pa bolodi. Mfundo ya m'buku imati wodikira amapindula, koma kutsogolo kwanga kunali alimi odikira ali manja lende.

A Makaiko anakoka mpando n'kusewera okha. Mbalame zinawadyera. Anayambiranso, madzi anawakokolera. Kachitatu anasunga bwinobwino, apongozi a mu gemu n'kumwalira. Anavula magalasi, kuwapukuta, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Sindinadziwe ngati akwiya kapena akufuna kuseka, ndipo ndikuganiza kuti eniakewo sankadziwanso.

"Mayi Iness," anatero tili panja, "kaya mwaphunzitsa bwino kwambiri kaya simunaphunzitse n'komwe, ine sindikudziwa. Ndibweranso Lachisanu. Mundikonzere yoti mwana angapambane."

Ana ataweruka ndinakhala m'kalasimo n'kufunsa AI chomwe chalakwika. Inayankha mwaulemu wake uja kuti palibe chalakwika: ndi malamulo omwe ndinaipatsa, mlimi sangapambane. Kenako inandionetsa mndandanda wa malamulowo n'kundifunsa kuti ichotse ati omwe sachitika kawirikawiri.

Ndinayamba ndi mbalame, n'kukumbuka ndili mwana ndikukuwa m'dimba mpaka mawu kutha. Ndinapita pa fizi, n'kukumbuka bambo anga akukweza thumba lomaliza pa njinga kuti ine ndikalembe mayeso. Ndinatsika mpaka pansi pa mndandandawo, n'kukweranso. Ndinkafuna bodza limodzi lokha loti ndichotse kuti ndikhoze Lachisanu, ndipo sindinalipeze.