Mizere ya pa Mpeni wa Tomio

Ndinadzigwetsa pansi n'kumugwira mwendo pamaso pa anyamata ake onse. Manyazi ndinali nditawasiya kunyumba.

"Alamu, mwana wa mng'ono wanu am'nyonga Loweruka."

Nadalin anapitiriza kupukuta kukamwa kwa mzinga ndi chiguduli. Anali mkulu wake wa malemu mwamuna wanga Menego, komanso kapitawo wa oomba mizinga kudera lathu la Venice. Pakhomo pathu anali atasiya kupondapo kalekale, ngakhale pamaliro a mng'ono wakeyo anangoima panja.

"Dzukani, mlamu Pasqua, pansipo pali mafuta," anatero.

"Sindidzuka."

Chinadanitsa abale awiriwa ndi sitileto. Umenewu si mpeni woti n'kudulira anyezi. Ulibe kuthwa m'mbali, ndi nsonga yokhayokha, woonda ngati singano yosokera matanga a ngalawa. Akuluakulu ankati dzinali linachokera ku kachitsulo kamene anthu akale ankalembera pa sera, koma m'masiku athu kanali ka achiwembu, kobisa m'mkono wa malaya. Boma linaletsa aliyense kuyenda nako kupatula oomba mizinga. Awo sitileto yawo inkakhala ndi mizere ndi manambala. Ankailowetsa kukamwa kwa mzinga, ndipo nambala imene yafika pamlomo ndiyo inkawauza kukula kwa chipolopolo choyenera.

Menego, pokhala wosula zitsulo wa njala, anaona msika pamenepo. Ankasula timipenito, n'kukandapo mizere, n'kugulitsa kwa mbava iliyonse yofuna kuti asilikali akaigwira inene kuti ndi woomba mizinga. Tsoka lake, mwamuna wangayo manambala sankawadziwa. Ankangojambula mmene maso amukumbutsira.

Mpeni umodzi unatsalira m'bokosi atamwalira. Mwana wanga Tomio, mnyamata wa ndevu zongomera kumene, anautenga kuti atsikana a kumsika wa nsomba azimuopa. Asilikali anamupeza nawo sabata yomwe mwana wa munthu wina wolemera anabayidwa pamlatho, oweruza ali ndi ludzu la munthu woti aonetsere chitsanzo. Chitsirucho chinayankha monga ankayankhira makasitomala a bambo ake: "Ndine woomba mizinga." Woweruza anati chabwino, aitanidwe kapitawo adzayese mpeniwo.

"Ndinauona dzulo," anatero Nadalin. "Nambala imodzi ilipo kawiri, ina yaima chadodolido. Ngakhale mwana wakhanda angaseke."

"Woweruza sanaombepo mzinga. Amva zanu."

"Ndinalumbira pamtanda, mlamu. Akandigwira bodza, dzanja ili alidula."

"Manja muli nawo awiri. Ine mwana ndili naye mmodzi."

Anyamata ake anaweramitsa mitu. Nadalin anandiyang'ana koyamba, ndipo ndinaona kuti wakalamba, khutu limodzi lotsekeka ndi phokoso la zaka zonsezo moti ankapendeketsa mutu pomvetsera.

"Pakamwa panu sipanasinthe," anatero.

"Mphuno yokhota ija Tomio anaitenga kwa ine? Ndi yanu, ya kwanu. Chibale n'fupa, alamu, sichiola. Menego anakulakwirani, inde, anadetsa ntchito yanu. Pitani mukamufukule mum'menye. Koma mwanayu asafere mizere imene sanakande."

Ndinalira pamenepo, kulira koipa kwa mamina, kosayenera mkazi wa msinkhu wanga.

Anaponya chiguduli chija pansi. "Mukudziwa chimene mukupempha? Ndikanena kuti ndi wanga, akhala wangadi. Ndipo gulu langa..."

"Akhale wa Satana yemwe, bola azipuma."

"Pitani kunyumba," anatero.

Mlandu unachitikira pabwalo la kuseri kwa ndende, m'mawa kukutentha. Anakokerapo kamzinga kakang'ono ndi dengu la zipolopolo zosiyanasiyana. Woweruza anali nkhalamba ya chimfine, yosachedwa kutopa. Asilikali anamutulutsa Tomio ali womangidwa manja, mlomo uli wotupa. Atandiona anayesa kumwetulira.

Nadalin analandira mpeni uja osauyang'ana n'komwe. Chala chake chachikulu chinakakhala ndendende pa nambala yachadodolido ija. Anaulowetsa kukamwa kwa mzinga, anawerama ngati akuwerenga, anatchula nambala, kenako anapita padengu n'kutola chipolopolo. Munthu amene wagona ndi mizinga moyo wake wonse safuna mizere, diso lake linali litayeza kale. Chipolopolo chinalowa bwinobwino, chosakhwepa, chosathina.

"Mizereyi ndi yoona, bwana," anatero. "Mnyamatayu ndi wophunzira wanga."

Woweruza anamina, n'kuloza mzinga wina waukulu umene unali pakhoma. "Mnyamata, yeza uwo."

Ndinaluma nsalu yanga. Anamumasula Tomio, iye anagwira mpeniwo ngati akugwira njoka, ndipo anayamba kuulowetsa pakabowo koyatsira moto. Nadalin anamuwomba khofi la pankhongo limene linamveka bwalo lonse.

"Kukamwa, mbuzi iwe, kukamwa. Pepani bwana, wangoyamba kumene, ndipo nzeru anatengera bambo ake."

Anthu anaseka. Woweruza sanaseke. Anayang'ana Nadalin nthawi yaitali, kenako chala chija, kenako ine. Ndikukhulupirira mpaka lero kuti nkhalambayo inaona zonse.

"Wophunzira wako," anatero pang'onopang'ono. "Chabwino. Chingwe sichipindulira boma kanthu. Kapitawo, gulu lako likunyamuka liti?"

"Lachiwiri, bwana."

"Kupita kuti?"

"Ku Kandiya."

"Mutenge. Ndidzatuma munthu padoko adzaone kuti wakwera."

Kandiya. Mumsewu wathu wokha munali akazi amasiye a Kandiya oti sungawawerenge ndi zala. Chilumbacho Ataki, adani a boma lathu, anali atachizinga zaka ndi zaka, ngalawa zinkapita zodzaza amuna n'kubwera zopepuka. Ndipo adani poomba ankayambira pamene pali mizinga. Mphekesera zoti oomba mizinga akunyamuka ndinali nditazimva kumsika, koma zinangondidutsa m'khutu, poti sizinali za mwana wanga.

Ndinam'peza Nadalin pachipata n'kumukoka malaya. "Munadziwa."

"Ndinayamba kukuuzani."

"Ndibwerera kwa woweruza. Ndikamuuza kuti ndi wodwala pachifuwa, kuti ndilibe wina wondisunga, kuti sadziwa kanthu za mizinga..."

Anandigwira mkono mwamphamvu. "Mukakanena mawu otsirizawo, mutipachikitsa tonse awiri. Chingwe chinali cha Loweruka, mlamu. Kandiya ilibe tsiku."

Masiku otsalawo ndinagogoda paliponse. Wansembe anandiuza kuti ndithokoze Mulungu. Mayi wina amene ndinkamuchapira zovala, mkazi wa munthu wa m'boma, anandipatsa bulangete lakale n'kutseka chitseko. Ndinachonderera Tomio kuti athawire kumtunda, kumapiri kwa azibale anga.

"Ndithawe kuti adule dzanja la bambo aakulu?" anatero. "Amayi, musadandaule. Akuti kumeneko vinyo ndi wotsekemera."

Ndinafuna kumumenya. M'malo mwake ndinamusokera malaya.

Palibe mmodzi mwa awiriwo amene anabwerako ku Kandiya, ndipo palibe amene anadzandiuza kuti zinatha bwanji. Chimene ndili nacho ndi cha padoko Lachiwiri lija.

Anthu anali piringupiringu, akazi akulira, amalinyero akutukwana migolo. Ndinamupatsa Tomio mpukutu wa buledi ndi nsomba zamchere, iye anandipsompsona mothamanga, maso ali kale pangalawa. Mpeni uja anali ataukoleka m'chiuno, poyera, ndipo podutsa pafupi ndi asilikali omwe anamumanga aja anatukumula chifuwa n'kuwapatsa moni. Anali wosangalala, mwana wanga. Sindinamuonepo wosangalala chotero.

Atamasula zingwe ndinathamanga m'mphepete mwa doko ndikuitana dzina lake, mawu anga akumira m'phokoso. Ndinamuona atakwera pamwamba pa mzinga, akukupiza chipewa kwa atsikana, phazi limodzi lili lendelende pamwamba pa madzi. Kumbuyo kwake kunatulukira Nadalin. Sanayang'ane kumtunda. Anangomugwira kolala, n'kumutsitsa ngati mwana wongophunzira kuyenda, ndipo dzanjalo silinachoke pakhosi la malaya ake mpaka ngalawa inakhota.